Ngolo Yotsiriza ya Alamu Anga

9 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana. Kaya muli bwanji kumeneko? Chifuwa cha Kamzime chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, thupi likulola ntchito. Achimwene anu nawonso alipo. Akanadziwa kuti ndikulemba akanapereka moni, ndiye ingolandirani.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani pomwe foni ilipo. Chipinda chathu n'chimodzi, ndipo pakati pa bedi langa ndi la alamu pamangokwana phazi. Ndikamayankhula nanu pa foni iwo amamva zonse, mwinanso n'kuyankha m'malo mwanga. Ndiye mawu ena amatsalira kukhosi. Adalaivala a thiraki aja avomera kumandinyamulira makalata akamabwera kumeneko.

Munati anthu akufalitsa zoti ine ndimayendetsa maboti. Auzeni kuti m'boti sindinakweremo n'kamodzi komwe. Ife timagwira pabwalo losungirapo maboti a anthu opeza bwino, ndipo mbali yathu ndi ngolo zake. Boti likatuluka m'madzi amalikweza pa ngolo yachitsulo n'kulikoka ndi galimoto. Ngoloyo imalowa chafutambuyo m'madzi amchere mpaka mateyala kumira. Tsono mchere ukagona pa chitsulo, dzimbiri limadya ngati chiswe. Alamu ndi ine timapala dzimbirilo n'kupaka penti woti madzi asakhudzenso chitsulo.

Sabata ino abwana atipatsa ngolo yaikulu kuposa zonse. Abwanawo timawatcha a Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pamutu pawo. Ngoloyi ndi ya adokotala ena a mano, ndipo boti lawo ndi lodabwitsa. Lili ngati khonde, mipando ndi denga pamwamba, pansi pake migolo iwiri italiitali yoliyandamitsa. Anthu amakhalapo n'kumacheza ngati ali pakhomo. Koma ngolo yake, mayi, yafiira ngati katondo. Alamu anaizungulira ndi kanyundo, go! go! go! khutu lili tcheru. Pena chitsulo chimalira ngati belu, pena chimangoti phu. Akuti polira phu ndiye podyeka m'kati. Atamaliza anauza a Chipewa kuti, "Ichira iyi, koma musatithamangitse." A Chipewa anati adokotala aifuna nyengo yotentha ikamayamba.

Kangachepe ndapatsira adalaivala. Mugule kaye nsapato za Chisamba, zotsala musunge za malata. Musathamangire kugula, mufunse mtengo m'masitolo angapo.

Alamu ayamba kumandituma kuti ndiziwawerengera zolembedwa pa zitini. Akuti opanga penti masiku ano akulemba tizilembo ngati nyerere. Mwina n'zoona.

Ndine wanu,
Bambo a ana

2 Juni

Mayi a ana anga,

Ndalandira yanu, ndipo mtima wakhala pansi kumva kuti nonse muli bwino. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba. M'mawa zitsulo zimadzuka zonyowa ngati kwagwa mvula, ndipo alamu salola kuti burashi ikhudze chitsulo chonyowa. Akuti kupaka penti pa chinyezi kuli ngati kufunditsa mwana bulangete asanapukutidwe.

Ngolo ija taivula zonse. Tachotsa mateyala, nyali, mawaya ndi matabwa okutidwa kapeti amene migolo ya boti imagonera. Pansi pa matabwawo ndiye panali zoopsa, chifukwa kapeti amasunga madzi. Ma bawuti ena anakana kumasuka mpaka tinachita kuwadula. Mnzathu wowotcherera, amene timamutcha Nthethe, wadula mbali ziwiri zowola n'kulumikiza zitsulo zatsopano. Tsopano ndi kupala kokhakokha. Ine ndimagwira galainda, alamu amatsatira ndi burashi yawaya m'makona momwe makina safika. Tikaweruka timakhala ofiira mpaka m'makutu. Nthethe akuti ndikadzabwera kwathu simudzandizindikira, mudzayesa njerwa yayamba kuyenda.

Achimwene anu ndi mmisiri, musamawaone kusayankhula. Ine ndikaona chitsulo chikuwala ndimati basi, tatha. Iwo amayendetsapo chikhatho, n'kuima, n'kunena kuti, "Mlamu, apa." Ndikayang'anitsitsa ndimapezadi timaenje ngati ta nthomba, dzimbiri litabisala m'kati. Akuti ukasiya kadontho kamodzi pansi pa penti, chaka chisanathe kamatupa ngati chithupsa. Kale ankaloza ndi chala ali chiimire. Masiku ano amakonda kufufuza ndi manja.

Zithunzi za nyumba yawo zimene akazi awo anatumiza zinafika. Mukawauze kuti agwira ntchito, nyumbayo ndi yokongola. Zaka zonsezi alamu akhala akutumiza za njerwa, za simenti, za mawindo, koma pakhomopo sanapondepo. Foni anaiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno. Kenako anandipatsa n'kunena kuti, "Tandiuzani, chitseko ndi cha mtundu wanji?" Ndinati chobiriwira. "Nanga waima pakhondeyo ndani?" Ndinati ndi mwana wawo Kadona. Kenako anati, "Ndinamusiya akuyamba kumene kuyenda. Lero akuphunzitsa ana a eni." Anaseka, koma foni sanaitengenso.

Dzana anathira tiyi pambali pa kapu. Akuti ndi tulo. Ineyo sindinafunse zambiri, mukuwadziwa achimwene anu.

Za mbuzi ija musagulitse. Ngati aphunzitsi a Chisamba akuvuta za ndalama, auzeni adikire adalaivala ulendo wamawa.

Wanu,
Bambo a ana

27 Juni

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi penti. Chitsulo chikayera timapaka mankhwala amene amadetsa dzimbiri lotsalira kuti life. Kenako pamabwera penti wapansi, wotuwa, wolemera ngati muli mchenga. Ameneyu ndiye amagwira chitsulo n'kuchiteteza. Akauma m'pamene timapaka wapamwamba, wokongoletsa uja. Ukayamba ndi wapamwamba wataya nthawi, chifukwa mchere umalowa pansi pake n'kumusenda ngati khungu la njoka.

Lachisanu a Chipewa anandituma kukathandiza kutsuka maboti kudoko. Alamu anatsala okha kuti ayambe penti wapansi. Pobwera madzulo ndinapeza theka la ngolo lapakidwa bwino lomwe, losalala, popanda ndi dontho lomwe loyenderera. Koma anali penti wapamwamba, wabuluu. Zitinizo n'zofanana kukula, ndipo zinali pa shelefu imodzi. Alamu anali akutsuka burashi, akuimba kanyimbo. Anati, "Mwaona, mlamu? Wotuwayu wagona bwino." Ine ndinayang'ana buluu uja, n'kuyang'ana iwo.

Mwayi wake a Chipewa anali atachoka kale. Ndinafunditsa ngolo ndi chinsalu cha lona. Lamlungu ndinauza alamu kuti ndikupita kutchalitchi, koma ndinapita kubwalo. Alonda anandilola, ndipo Nthethe anabwera kudzandithandiza osafunsa kanthu. Tinapala buluu yense mpaka chitsulo, n'kupaka wotuwa. Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo nyimbo yanga inali galainda.

Lolemba alamu anayendetsa dzanja pa ngolo n'kuima. Penti wapansi amakhala wokhakhala, wapamwamba amaterera. Anadziwa. Anapitiriza ntchito. Tikuyenda kubwerera kuchipinda anati, "Unali wa mtundu wanji?" Ndinati wabuluu. Tinayenda mpaka pa mphambano pamene pali sitolo ya mateyala. Pamenepo anandigwira mkono kuti tiwoloke msewu, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Anati, "Musauze mlongo wanga."

Ndiye ine ndakuuzani. Koma akazi awo musawauze kaye, ndapota nanu. Mwina ndi vuto longofuna magalasi.

Mwezi uno zotumiza zachepa, chifukwa ndinabweza penti amene anawonongeka a Chipewa asanaone kuti zitini zapepuka. Za malata zija musakhudze.

Wanu,
Bambo a ana

21 Julayi

Mayi a ana anga,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo ukali wanu ndaumva. Mukuti ndinaona tiyi akutayika n'kukhala chete, ndinaona foni pamphuno n'kukhala chete. Mukunena zoona. Koma munthu amene anakutenga kwanu, n'kukupezera ntchito, n'kukuphunzitsa kugwira burashi, umayamba bwanji kumuuza kuti bambo, simukuona? Ana ali bwanji? Ine ndili bwino. Achimwene anu ali ndi bandeji kudzanja, koma musachite mantha, zala zonse zilipo.

Zinachitika chonchi. Adokotala a mano anabwera kudzaona ngolo yawo. Alamu anafuna kuonetsa kuti akadali mmisiri, ndiye anatola galainda kuti asalaze pamene Nthethe anawotcherera. Dzanja lamanzere linali likufufuza malowo pamene lamanja linayatsa makina. Magazi anadontha pa penti wotuwa uja. Adokotala anathamanga kugalimoto kwawo n'kubwera ndi kabokosi ka mankhwala. Akumanga balalo anayang'ana alamu kumaso, n'kuyendetsa chala uku ndi uku. Maso a alamu sanatsatire. Adokotala anafunsa mwakachetechete kuti, "Bambo, zinayamba liti?" A Chipewa anali ataima pomwepo.

Ndisaname, adokotalawo ndi munthu. Anatilembera kakalata kopita nako kwa mnzawo woona za maso, ndipo sitinalipire. Tinakhala pa benchi m'mawa wonse. Anawathira mankhwala m'maso, n'kuwaunika ndi makina, n'kuwatenga magazi. Si za magalasi ayi. Akuti ndi matenda a shuga, akhala nawo nthawi yaitali osadziwa, ndipo awononga mitsempha ya m'maso. Ludzu limene ankadandaula, ndi kuwonda kumene tinkati ndi ntchito, zinali zimenezi. Diso lamanja linatha. Lamanzere likuona ngati munthu ali mu utsi, ndipo akuti akamamwa mankhwala mwina lichedwerako kutseka, koma kubwerera silibwerera. Ndinafunsa kuti latsala ndi nthawi yotani. Anati sangalonjeze, mwina chaka, mwina miyezi.

Potuluka ndinati, "Alamu, tiyeni kwathu." Anandikalipira pamaso pa anthu. Anati, "Ndinachoka ndikuyenda ndekha, ndi chikwama paphewa. Ndikafike wogwidwa dzanja ngati mwana? Anthu akati chiyani? Mkazi wanga wadikira zaka zonsezi kuti alandire katundu?" Ndinati nyumba imene anamanga ndi yawo, palibe wowaseka m'nyumba mwawo. Anati, "Inu mwabwera dzulodzuloli, simudziwa kanthu." Koma mpaka kuchipinda mkono wanga sanausiye.

Tsopano akazi awo mukhoza kuwauza. Mupite nokha, musatume mwana, ndipo musanene pa foni. Kadona akhalepo.

Mankhwala a shuga ndikugula ine. Zakudya zawonso zasintha, tiyi akumwa wopanda shuga, ndipo akuti ndikuwalanga.

Wanu,
Bambo a ana

8 Ogasiti

Mayi a ana anga,

Moni kwa nonse. Ndilemba mwachidule, adalaivala akudikira panja injini ili chilirire.

Tili moyo. Alamu anawaimitsa ntchito. A Chipewa sanachite mwankhanza, anavula ndi chipewa chomwe powauza, ndipo taona kuti ali ndi dazi. Anati sangasunge munthu wosaona pakati pa makina. Anawapatsa kenakake kowathokoza. Alamu tsopano amangokhala pabedi kuyang'ana kuwindo. Foni ya akazi awo sakuyankha.

Ine a Chipewa andiuza kuti nditenge malo a alamu, malipiro akwera ndikamaliza ngolo ya adokotala. Akuti chaka chamawa angandithandizenso za mapepala aja. Mukudziwa mmene mapepala anga alili. Ndikatuluka m'dziko muno, pachipata sadzandilolanso kulowa msanga.

Maganizo anu oti alamu abwere ndi adalaivala ndinawafunsa. Akana. Akuti kampani yawo siilola kunyamula munthu, ndipo wodwala akadzakomoka panjira adzayankha chiyani. Kwatsala basi, ndipo basi ndi yosinthasintha, usiku ndi usana. Munthu wosaona sangayende yekha.

Sindinaganize kanthu. Mundipempherere. Denga likadontha muike beseni pomwe paja.

Wanu,
Bambo a ana

2 Seputembala

Mayi a ana anga,

Ndikupatsani moni ndi mtima wopepukirako. Muli bwanji? Chisamba ndamva kuti wakhoza bwino, mumuuze kuti bambo ake anyadira. Ine ndili bwino. Alamu shuga watsika, bala lapola.

Ndinaona kuti munthu uja afera m'chipinda. Ndiye ndinapita kwa a Chipewa n'kuwapempha kuti alamu azibwera kubwalo, osagwira makina, kungokhala. Ndinati penti wotsirizayu sindinamupakepo ndekha, ndipo sikunali kunama. A Chipewa anakanda pansi pa chipewa n'kunena kuti, "Akhale pa ndowa, asadzuke." Kwa alamu ndinakanena kuti ntchito yandikanika. Anayankha kuti, "Ndinadziwa," n'kuyamba kufufuza nsapato.

Penti wotsirizayu amabwera m'zitini ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Ukasakaniza amayamba kuuma pomwepo, ndiye ukachedwa amalimbira mu ndowa ngati mwala. Alamu anakhala pa ndowa yawo n'kumalamula ngati kapitawo. "Sakanizani pang'ono, mlamu, musachite dyera. Yambani m'makona ndi mowotcherera, poonekera pamapeto. Wopyapyala kawiri aposa wochindikala kamodzi." Amamva ndi khutu burashi ikauma. Tinapoperanso mafuta olimba ngati phula m'kati mwa zitsulo zamphako, chifukwa akuti ngolo zambiri zimawola kuchokera m'kati kunja kukuwala. Timabowo totulutsira madzi anandiuza nditsegule ndi msomali kuti penti asatitseke. Masipuling'i ndi mabering'i a ku mateyala tapaka girisi. Nthethe anati, "Akuluwa maso alibe koma ndi amene akutiona tonse." Alamu anaseka koyamba mwezi wathunthu.

Tsiku lina masana tikudikira kuti penti aume, ndinakhala pambali pawo. Ndinawatsegulira uthenga wa mawu umene Kadona anatumiza pa foni yanga, poti yawo sakuyankha. Inu mukudziwa zimene ananena, munali pomwepo. Mawu aja akuti, "Ababa, ine nkhope yanu ndimaidziwa pa chithunzi chokha. Inu yanga simuidziwa n'komwe. Mukachedwa mudzangondimva mawu ngati pa foni pomwepa." Alamu anati ndibwereze. Ndinabwereza.

Anakhala nthawi yaitali akupukuta manja ndi kansanza, chonsecho m'manja munalibe kanthu. Kenako anati, "Mlamu, ngoloyi ndikuiona pang'ono chabe. Itangofika ndinkaona ndi mateyala omwe." Ndinati ndiye tiyeni diso likadalipo. Anati, "Nanga inu? Malo anga akupatsani. Mlongo wanga akugona m'nyumba yodontha. Mutaye zonsezi chifukwa cha nkhalamba?" Ndinati ine sindinabwere kuno ndi nzeru zanga, anandigwira dzanja ndi iwo. Anati, "Zimenezo ndi zamanyazi, si nzeru." Ndinati kaya, koma matikiti ndigula awiri.

Kunena zoona, mayi, ndinayankha molimba mtima koma mantha analipo. Ndaganiza za sukulu ya Chisamba, za denga, za mmene ndinavutikira kuti ndifike kuno. Masiku ena ndimadzuka nditatsimikiza kuti nditsala, ndipeze munthu wina wopita kwathu awaperekeze. Koma ndikaona mmene amafufuzira kapu patebulo, ndimadzifunsa kuti munthu wachilendo adzawadikira pamene akufuna kuchimbudzi pa siteshoni? Adzakumbukira nthawi ya mankhwala? Mawu anu a m'kalata yapita aja anandithandiza, oti malata sadwala, adikira. Sindinayembekeze kuti mungatero, poti amene mukunyowa ndinu.

A Chipewa ndawauza. Anakhumudwa, anati ndikutaya mwayi. Kenako anati ndikadzapeza njira yobwerera, burashi idzakhalapo, koma sangalonjeze malo. Ndinathokoza.

Musagulenso malata. Ndalamazo zisungeni, tidzaona pamodzi chochita nazo. Alamu akuti kumeneko mageti ndi mawindo a anthu akudyeka ndi dzimbiri popanda wowasamala, ndiye ine ndizikapaka iwo azikalamula. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akungondilimbitsa mtima.

Wanu,
Bambo a ana

25 Seputembala

Mayi a ana anga,

Moni wotsiriza wa papepala. Tonse tili bwino. Kalatayi ifika adalaivala akadzadutsa Lachitatu, ife tinyamuka Loweruka lotsatira. Basi ikapanda kuvuta tidzafika Lolemba masana.

Ngolo ija yatha. Tinabwezera matabwa ndi kapeti watsopano, mawaya, nyali ndi mateyala. Dzulo adokotala anabwera ndi galimoto yawo kudzaiyesa. Anaitsitsa chafutambuyo kudoko mpaka madzi anafika m'ma bawuti, boti lija n'kukwerapo bwinobwino. Itatuluka, madzi ankangoyenderera pa penti ngati pa tsamba la koko. Alamu anapempha kuti ndiwafikitse pafupi. Anaiyendera yonse ndi manja kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akugwada pena ndi pena. Tonse tinangoima kudikira. Atadzuka anauza adokotala kuti, "Mukaitulutsa m'madzi muziitsuka ndi madzi abwino tsiku lomwelo, ndi kunsi komwe. Pakakalika muzipakapo msanga, musadikire kuti pafiire. Mukatero idzakukalambitsani." Kwa ine anangoti, "Pakona yakumbuyo penti wachuluka." Kwa achimwene anu kumeneko ndiye kuyamikira.

Adokotala anati sitingachoke tisanakwere boti. Ndiye anthu aja ankati ndimayendetsa maboti mukawauze kuti ndakweramo, ndipo ndinagwira chitsulo cha mpando ulendo wonse. Alamu ndiye anakhala kutsogolo, mphepo ikuwawomba, akufunsa Nthethe kuti chakuda icho n'chiyani, choyera icho n'chiyani. Zaka zonsezi agwira ntchito pamphepete pa madzi amenewa osawakwerapo.

Katundu wathu ndi wochepa. Alamu atenga kanyundo kawo ndi maburashi awiri. Bedi ndi mbaula tasiyira Nthethe. Ana musawalonjeze zambiri, ndangowagulira tizovala. Inu ndakugulirani nsalu, mukaiona musaseke, anasankha ndi achimwene anu pogwira ndi manja.

Tsopano mvetsani bwino izi, ndipo mukauze akazi awo ndi Kadona. Kusiteshoni kusabwere gulu. Achibale ndi anansi adzawaone mawa lake, atapuma. Pasakhale kulira, alamu akuopa kulira kuposa mdima. Musawagwire dzanja pokhapokha atapempha, ine ndidzakhala pambali. Pakhomo muchotse miyala ndi ndowa panjira yolowera, ndipo mipando ikaikidwa malo amodzi isasunthidwenso. Tiyi wawo wopanda shuga, ngakhale akakamize bwanji.

Tikadzafika panyumba musawalowetse msanga. Akufuna ayambe aima panja dzuwa likadalipo, aione yonse, aizungulire.

Kadona avale chovala chowala, chofiira kapena chachikasu, zotuwa saziona. Potsika basi asathamangire kuwakumbatira. Aime kaye poyera pamene pali dzuwa, kumanzere kwawo, pafupi ndithu ngati kutalika kwa mkono. Asayankhule msanga. Bambo ake akuti mawu ake akuwadziwa kale, akufuna ayambe amuona.

Ndine wanu, ndikubwera,
Bambo a ana